Tsiku Limene Chigafa Changa Chinauluka

Amene akuti ndikunama aimirire pompano ndimuone nkhope, asamasekere kumbuyo kwa mnzake. Iwe wa chipewa chofiira, ndakuona. Mwangogula nsapato za kaunjika pa foni, basi mwayamba kuyenda mokweza mapewa pa Mitundu pano ngati intaneti munabadwa nayo. Nsapato? Ine Gelesomu Kachingwe ndinagula chifani cha ndege pa okushoni ya pa intaneti, chija chimazungulira pamphuno pa ndege, ndipo ndinachigulitsanso komweko, inu mukadalirira foni za amayi anu kuti musewere magemu. Onani chala changa chachikuluchi. Mizere mulibe, inathera pa galasi la foni tsiku limenelo, moti ndikapita kokalembetsa chilichonse makina odinda zala amangoti munthu ameneyu kulibe. Mvulayi sikata msanga ndipo minibasi yanu sinadzaze, choncho khalani pansi mumve.

Nthawi imeneyo ndinali pa chikamwini ku Nathenje, kwa akazi anga a Nachisale. Mayi amenewo ndinkawakonda, ndipo sindichita manyazi kunena pagulu. Koma inu osakwatiranu dziwani kuti mkamwini nyumba amamanga yekha, munda amalima yekha, ana amabereka, komabe mwini zonsezo ndi mlongo wa mkazi wake. Kwa ine anali a Dafuleni, alamu anga, munthu woti moyo wake wonse sanawokerepo ngakhale mbande imodzi, koma pa kuloza ndi ndodo fodya wa anzake ndiye katswiri.

Chaka chimenecho ndinalima fodya wa bale woti tsamba limodzi mwana ankafunda n'kutsalako la mng'ono wake. Ndinathyola, kusoka, kupachika pa mikangala m'chigafa, kenako kunabwera mvumbi. Osati kamvula kanuka ayi, mvumbi woti nkhuku zinayamba kumera mapazi a bakha, mchere unasungunukira m'mapaketi, achule ankagogoda pakhomo kupempha pouma, moto tinkachita kuufunditsa bulangete kuti usazizidwe, ndipo fodya wanga m'malo mouma anayamba kuchita chuku, kununkha, masamba kumatirirana. A Dafuleni anabwera ndi ambulera yawo, n'kutosa tsamba limodzi ndi ndodo, ndodo n'kutulukira kuseri. Anandiuza pamaso pa mlongo wawo kuti, "Alamu, fodya uyu akawola, njira ya ku Mitundu mukuidziwa." A Nachisale anangoyang'ana pansi. Mukumva? Fodyayo akanawola, ine ukwati unali utathera pomwepo, ndipo mantha amene ndinali nawo sindinakhalepo nawo chibadwire.

Munthu wamba akanathamangira kwa sing'anga. Ine ndinakhala pansi n'kuganiza kuti fodya wa bale safuna moto, safuna mankhwala, amafuna mphepo basi, ndipo ndili mkati moganiza choncho ndege inalira pamwamba pa mitambo, ine n'kuti nayo mphepo ija, anthu akungoiseweretsa kumwamba ife tikuvutika pansi pano. Ndinatenga foni n'kukwera pachulu cha kuseri kwa dimba, poti netiweki kumudzi kuja inkapezeka pamenepo pokha, ndiponso umayenera kuima ndi mwendo umodzi utayang'ana ku Dedza. Ndinafufuza mpaka ndinalowa mumsika wa anthu ogulitsa ziwiya za ndege zakutha. Anyamata, kaunjika weniweni ali kumeneko: matayala, mipando, zitseko, mawotchi a oyendetsa ndege, ngakhale zimbudzi, zonse zili pa okushoni, uyu kutchula mtengo, wina kuwonjezera, nthawi ikuwerengedwa chobwerera pakona pa galasi, ikangotha katundu ndi wa amene watchula komaliza. Pakati pa zonsezo panali chifani cha mikono itatu, mkono uliwonse wotalika kuposa chitseko cha tchalitchi, chochotsedwa pa ndege yonyamula katundu imene inakalamba ku Ulaya.

Tinalimbirana anthu atatu: ine, Mluya wina wa zitsime za mafuta, ndi mzungu wina wa ku Amereka woti ndege kwawo amazisunga m'khola ngati nkhunda. Ndikatchula mtengo Mluya wakwera, mzungu wakwera pamwamba pake, ine kudina, iwo kudina, chala chikutentha, utsi ukutuluka, mvula ikundikhuthukira pamsana, chiswe chikukwera mwendo umene ndaimirawo mpaka chamanga nyumba m'bondo, ine osasuntha, kufikira ndinaona kuti pa thumba anthu awa sindingawathe. Pamenepo m'pamene ndinazindikira chinthu chimodzi. Chiyambire panalibe amene anapereka moni kwa mnzake. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, kulimbirana katundu osafunsana n'komwe kuti mwadzuka bwanji. Pa Mitundu pano ngakhale ukugula singano umayamba wafunsa za kunyumba. Ndinaponya mtengo wanga womaliza, umene munali njinga yanga, wailesi, ndi mbuzi za a Nachisale zimene ndinkati ndiwafotokozera bwino pambuyo pake, ndipo pomwepo ndinalemba kuti, "Pepani akuluakulu, tayamba molakwika. Mwadzuka bwanji? Nanga kunyumba? Mayi ali bwanji?"

Ukuti chiyani iwe? Pa okushoni ya pa intaneti salankhulana? Simulankhulana inuyo chifukwa mulibe mwambo. Mluya uja chibadwire panalibe amene anamufunsapo za amayi ake, moti analira, n'kuyamba kundifotokozera za nyamakazi yawo, za mwendo umene umatupa kukazizira, za mlongo wake amene anakwatiwa kutali osaimbako ndi foni yomwe, mzungu naye n'kuyamba za galu wake wodwala shuga, ine ndikungoti pepani, pepani, zimachitika, nanga ana, nanga mvula kumeneko, nanga maliro munali nawo chaka chino, iwo akuyankha, akuyankha, nthawi pakona paja ikutha, mpaka belu linalira mtengo womaliza uli wanga. Mukumva? Ndinawagonjetsa ndi moni.

Wogulitsa atati ndilipire, ndinalipira pa foni pomwepo, kenako ndinadikira. Ndinamufunsa kuti nanga basela? Sankadziwa kuti basela n'chiyani, munthu wamkulu wogulitsa ndege. Ndinamuphunzitsa kuti kwathu kuno ukagula mulu wa tomato amakuikirapo wina pamwamba, ndipo wogulitsa wokana basela timamuyesa mfiti. Anachita manyazi n'kuwonjezerapo mpando wa woyendetsa ndege ndi malamba ake omwe.

Katundu anafika pa Nathenje pa lole, ndipo kuchoka pamsewu tinakweza pangolo, koma kamphepo kakangowomba chifani chinkazungulira chokha n'kumakankha ngolo, moti ng'ombe zinafika kumudzi zitakhala pansi, zikungotsetsereka m'matope uku zikubzikula. Mudzi wonse unasonkhana. A Dafuleni anauza anthu kuti mkamwini wapenga. Ndinabwereka injini ya dizilo ya kuchigayo n'kuilumikiza ndi lamba, ndipo chifanicho ndinachimangirira ndi linya ndi mawaya pa mphanda za kutsogolo kwa chigafa, poti ife chinthu chilichonse chamtengo wapatali, kaya ndi mbuzi kaya ndi njinga, timachimangirira pa mphanda kuti chisabedwe. Mpando uja ndinauika pakati pa fodya, n'kukhalapo, n'kumanga malamba, chifukwa chinthu cha basela suchisiya chikungokhala. Ndinauza mwini chigayo kuti apukuse injini.

Poyamba kunabwera kamphepo kabwino, fodya n'kuyamba kugwedera, a Nachisale n'kumwetulira koyamba chiyambire mvumbi. Kenako chinthu chija chinakwiya. Nkhuku zonse za m'mudzi zinakafika ku Diamphwe zili zososola kale, anthu kumeneko kungothira mchere. Mtsinje wa Nathenje unabwerera kumene unachokera. Minibasi zopita ku Dedza zinafika madalaivala asanalize injini, makondakitala akudandaulabe za kukwera kwa mafuta. Ambulera ya a Dafuleni inakatoledwa ku Mozambiki, eni akewo atakakamira mtengo wa mango miyendo ili m'malere ngati malaya pachingwe, akuitana mlongo wawo dzina la paubwana. Ndiye ndinamva mphanda zikuzuka imodziimodzi, pansi n'kuyamba kutalikira. Chifani cha ndege sichidziwa kuti ichi ndi chigafa, anyamata. Chilichonse chimene wachimangirira kumbuyo kwake chimachiyesa ndege.

Ndinauluka ndi chigafa chathunthu, denga la udzu, mikangala, fodya, injini ya chigayo ikulendewera pa lamba ikugundabe, ine ndili pampando ndikuwongolera ndi mpini wa khasu, ndinaboola mitambo n'kupeza kuti dzuwa tinkalisowa lija linali pamwamba pomwepo likungodziwothera lokha, ndipo fodya atangolawa mphepo ya kumeneko anauma ine ndikuona, chuku chinayoyoka n'kugwera anthu a ku Malingunde amene mpaka lero amati boma linawagwetsera feteleza waulere, masamba n'kusanduka ofiirira bwino, ofewa, onunkhira moti ndege yeniyeni inapatuka panjira yake kudzanunkhiza, woyendetsa n'kutsegula windo kundipempha kuti ndimugawireko wopichira ndudu imodzi. Ndinamuponyera, si ine womana. Ndinakazungulira pamwamba pa Dzalanyama, owotcha makala n'kubalalika poyesa kuti a zankhalango ayamba kulondera ndi zigafa. Dizilo anathera pamwamba pa Mitundu, ndipo ndinatera bwinobwino kuseri kwa msika uno, osathothoka ngakhale tsamba limodzi. Funsani aliyense amene analipo, kungoti ambiri anamwalira ndipo otsalawo ndi ansanje.

Tsopano fodya wauma, ukwati wapulumuka, chatsala n'kupeza ngolo yobwerera naye ku Nathenje. Chifani ntchito yake inali itatha, ndiye ndinati ndichigulitse komwe ndinachigula. Ndinachijambula n'kuchiika pa okushoni, n'kulemba kuti chayenda ulendo umodzi wokha ndipo mwini wake ndi munthu wosamala. Dziko lonse linalimbirana, foni inatentha mpaka amayi a mandasi anaibwereka kukazingirapo, ndipo wopambana anali Mluya yemwe uja. Za ndalama musandifunse, si inu a msonkho. Anatumiza anthu ake ndi lole, anakweza chifani, koma lole osanyamuka. Foni inalira. Mluya uja anayamba ndi moni, mwaulemu, kufunsa za kunyumba, za a Nachisale, za mvula, ine mtima n'kukoma kuti munthu ndinamulera bwino. Sindinadziwe kuti nkhani ya mpando ija inali itafala pa intaneti yonse. Anangoti, "Achimwene, nanga basela?"

Ndinati atenge mpando, anati mipando ali nayo yambiri. Ndinati injini, koma mwini chigayo anali atafika kale thukuta lili kamukamu kudzatenga yake. Mluya anati anthu ake amuuza za kafungo kena kabwino kochokera m'chigafa. Inu mukanatani? Pamsika wa kwathu, anthu a kwathu akuonerera, amayi a tomato amene chibadwire sanamanepo munthu basela ataima pomwepo manja ali m'chiuno, ine Gelesomu amene ndinaphunzitsa azungu mwambo umenewu, ndikane? Ndinati tapaniko pang'ono. Koma pang'ono pa anthu a mafuta si pang'ono pathu pano. Anatapa ndi mikangala yomwe, chigafa chinatsala mbee, ndipo mtima unandipweteka koopsa, koma basela ukapereka sulanda.

Ku Nathenje ndinapita wapansi, mvumbi ukadagwa. Ndinafotokoza zonse monga ndakufotokozerani inumu, osachotsa, osawonjezera. A Dafuleni, manja ali m'mabandeji, anangofunsa kuti, "Fodya ali kuti, alamu?" Ndinati ali ku Arabiya. Anafunsa za mbuzi za mlongo wawo, ndinati zinalowa mu foni. Anafunsa za chigafa, ndinati chili ku Mitundu. Iwo anati, "Ndiye kalondereni chigafa chanucho." Ansanje amafalitsa kuti fodya anawolera pa mikangala, chigafa chinagwa chokha ndi mvula, ndipo chimene ndinagula pa foni chinali chithunzi chabe cha chifani chimene sichinafike n'komwe. Bodza lenileni ndi limenelo. Munthu wanzeru ngati ine angataye mkazi chifukwa cha chithunzi?

Ndipo asakunamizeni kuti anandithamangitsa. Zovala zanga anazitulutsa panja kuti zipitidwe mphepo, ndipo a Nachisale sanatuluke m'nyumba chifukwa ankadziwa kuti akandiona alira. Ndinachoka ndekha, poti munthu woti waulukapo sangamalamulidwe ndi mlamu. Mayi aja akundidikirabe. Bambo amene amakhala pakhomo pajayo ndi wongosunga malo, ndipo za ana awiri amene abadwa pambuyo pake tidzakambirana ndikadzabwerera. Tsiku la msika ngati lero a Nachisale amabwera kuno kudzagulitsa nyemba. Mukuganiza kuti ku Nathenje kulibe msika? Amabwerera ine.

Si awo akutsika pa njinga yamoto apowo, a chitenje chobiriwira. Musacheuke nonse nthawi imodzi, anthu inu. Iwe wamtaliwe, sendera kuno unditchinge, malaya angawa ang'ambika paphewa. Adutsa? Sanayang'ane kuno? Eya, ndinadziwa. Akanayang'ana sakanapirira.