Matumba Ogwira Feteleza wa Alamu

Lolemba
Madzi a m'damu langa la nsomba abiriwira ngati thelere. M'mawa nsomba zikuyandama kukamwa kuli yasa, zitatu zafa kale. Alangizi akuti vuto ndi fosifeti wa mu feteleza amene akukokoloka ku nazale ya fodya ya alamu anga a Gelesomu, kumtunda kwa ngalande. Kukawadandaulira sindingayerekeze. Dimba lonseli ndi lakwawo, ine ndine mkamwini chabe.

Lachiwiri
Njira ya alangizi ndi iyi: kuswa njerwa zootcha, kusakaniza ndi makoko a mazira, kuthira m'matumba, kuika mu ngalande. Madzi azidutsa, fosifeti azikakamira. Zikakhuta, kutsuka ndi madzi a phulusa n'kubwezeramo. Chaka chonse zomwezomwezo!
Zofunika:
njerwa (ndikugumula khitchini yakale)
matumba anayi
makoko ambiri. Nkhuku zathu ziwiri sizikuikira.

Lachitatu
Panjinga mpaka pa msika wa Mkanda. Wokazinga tchipisi wandidzazira makoko m'jumbo, akundiyang'ana ngati wandigwira ndikupita kwa sing'anga. Matumba onse ali m'madzi. Msana ukuwawa. Yafa imodzi yokha.

Lachinayi
Alamu atsika kudzaona. Akufunsa za matumba, ine ndikufotokoza zonse monyadira ngati mphunzitsi. Amvetsera mpaka kumapeto, kenako akuti, "Ndiye kuti feteleza wanga ali m'matumbamu?" Ndavomera. Pakamwa pangapa!

Lachisanu
Matumba awiri palibe. Ndawapeza alamu akukhuthula zonse pa nazale yawo, kumtunda komwe kuja, akuthirira ndi kheni. Akuti mbuzi yawo itasochera kwanga ndingabweze, nanga feteleza akusiyana pati? Ndawauza kuti feteleza sangakwane ndi kapu yomwe. Akuti kapuyo ndi yawo. Mayi akunyumba akuti ndisayambane ndi achimwene awo chifukwa cha njerwa. Zafa zisanu ndi ziwiri.

Loweruka
Awiri otsala aja apitanso. Mbiri yafika kutali: akuti ndikupanga feteleza ndi njerwa koma ndikubisa. Amayi ena abwera ndi beseni kudzapempha "kokwana tomato basi". Khoma la khitchini latsala lofika m'mawondo, ndipo si ine ndagumula. Ku damu sindikuwerenganso, ndikungovuula.

Lamulungu
Damu lili zii. Nsomba zonse zili pa thandala, ana akuingitsa ntchentche. Zikundipweteka, ndinaziweta miyezi isanu. Potuluka ku tchalitchi alamu adzera pano ndi matumba anayi opanda kanthu, opindidwa bwinobwino. Asankha nsomba zazikulu zisanu. Ali pa chipata akuti, "Paja munati amagwira ntchito kambirimbiri, alamu. Mudzazenso mawa, Lachiwiri ndikuthira feteleza wina." Matumbawo ndawalandira ndi manja awiri.