Mpungabwi wa Amayi

Lolemba
Mpungabwi wanga wachita maluwa! Tsinde limodzi lokha, m'chidebe cha penti. Mbewu yake ndinatenga pakhomo pa malemu amayi ku Nsanje, tsiku lomwe tinkatseka nyumba. Pano pamalopo analimapo chimanga, palibenso wina. Uwu ukafa usanabereke njere, basi, wathera pomwepo.
Madzulo amayi ankakwapula nawo makoma kuthamangitsa udzudzu, nafenso kutikwapulako tikachedwa kulowa. Mpaka lero ndikaununkhiza ndimamva mawu awo.
Pulani: milungu iwiri, njere zikhwime, ndikolole.

Lachiwiri
Chiperoni. Kuseri kwa nyumba kuno ku Naperi dzuwa limangosuzumira n'kupita. Mpungabwi ndi mnzanga wa ku chigwa, tonse kuzizira sitigwirizana nako. Malo a dzuwa ndi amodzi okha: pampopi, pomwe timatunga madzi mabanja asanu. Ndauika pamenepo, ulendo kuntchito ku Makata.

Lachitatu
Nthambi ziwiri palibe! Mayi a Tadala, a khomo loyandikana nalo: "Mwana chimfine, ndathyolako tofukizira." Osathokoza n'komwe. Sindingawadzudzule, paja ukathokoza mankhwala akuti sagwira ntchito. Amayi nawonso sankamana munthu tsamba. Koma iwo anali nawo mpanda wonse.

Lachinayi
Amene akutsokomola pano:
a Jafali, dalaivala wa minibasi ya ku Limbe
akazi awo
kondakitala wawo, yemwe sakhala n'kuno komwe
alandilodi
Ndalemba pachidebe kuti "Musathyole." Wina wathyola mwaulemu, mbali yosaoneka.

Lachisanu
Ndaubisa m'nyumba, pawindo. Wawerama, masamba lende. Kugogoda. A Jafali: "Achimwene, kamtengo kathu kaja kali kuti?" Kathu!
Ndawafotokozera za amayi, za njere, mpaka misozi kulengeza. Amvetsera bwinobwino, apepesa kwambiri. Kenako: "Ndiye ndingotengako masamba awiri okha. Za akuluakulu zimakhala zamphamvu."
Ndawapatsa ndi manja angawa.

Loweruka
Dzuwa lawala, la kwathu lenileni! Mtima sunandilole kuusiya mumdima. Ndautulutsa, ndakhala pambali pake mmawa wonse ngati mlonda. Ndangolowa kukasamba basi. Potuluka, alandilodi ali chilili, maluwa onse ali m'manja.
"Ndakudulirani kunsongaku kuti uphuke bwino. Ndinali katswiri wa ulimi kusukulu ine."
Ndati zikomo. Ndikanatani?

Lamulungu
Katsala kamtengo konga mswachi. Sikaphukanso, kuzizira kuno. Chimfine chatha nyumba zonse, chasamukira kwa ine. Mayi a Tadala andimva ndikuyetsemula, akuwa ali pampopi: "Mufunefune mpungabwi, umathandiza!"
Kutchalitchi sindinapite. Ndakhala pakhonde ndi chidebe changa. Amayi, mbewu yanu yathera ku Naperi, ndalephera kuisunga. Lero ndakusowani kuposa tsiku la maliro.