Mtengo wa Goloboyi wa ku Chiromo

Sekani ndithu, mano ndi anu. Iwe wa chipewa chamlaza, ndakuona ukutsina mnzakoyo pamene ndimati ine Zuze ndinaikidwapo pa mtengo wa sitima ya pamadzi, mwini wanga n'kukana. Ngati pamzere uno wa thonje pali wina amene akuti ndikunama, atule dengu lake, abwere agwire chala ichi, achipinde ngati ali mwamuna. Sichipindika. Chinauma chili chiimire pa ntchito imene ndikufuna kukuuzaniyi, ndipo poti kalaliki wa pasikelo akadamwa tiyi, mumva basi, mufune musafune.

Ndinali wonyamula mabelo a thonje padoko la ku Chiromo, masiku amene njanji inali isanawoloke Shire, ndipo anzanga akamanyamula belo limodzi anthu anayi, ine ndinkasenza awiri pamutu, lachitatu m'khwapa, dzanja lotsalalo ndikusenda nalo nzimbe. Mzungu wa pakampani yathu tinkamutcha Bwana Chisanu, chifukwa tsiku ndi tsiku ankadandaula kuti kwawo madzi amauma gwa ngati mwala, anthu n'kumathamanga pamwamba pa mtsinje atavala nsapato zokhala ndi mipeni kunsi. Ndiye amene anatibweretsera mpira wa ndodo: ndodo zokhota kumapeto ngati mpini wa khasu, ndi kampira kolimba ngati nthanga ya mgwalangwa. Tsiku loyamba atakamenya, amuna onse anabalalika, ena anakalowa m'mabango, kapitawo anakwera mtengo wa minga osamva kubaya, koma ine ndinangoima, kampirako n'kundigunda pachifuwa, n'kubwerera kwa mwini wake, n'kumuchotsa dzino. Bwana analavula dzinolo, n'kuseka. Anazika mitengo iwiri, n'kundikokera pakati pake.

“Iwe kuthamanga sudziwa, koma kuthawanso sudziwa. Ima apa.”

Umu ndi mmene ndinakhalira goloboyi, ndipo anthu anasiya kunditcha Zuze chabe, anayamba kuti Zuze Chitseko. Mukumva? Zaka khumi ndi ziwiri mpira sunandidutse. Kunabwera Mgoa wina, mmwenye wosonkhezera moto m'sitima, mikono yake ngati matupi a anthu awiri, anamenya mpira ali tsidya la Ruo, mpirawo unaboola mlambe n'kutulukira kuseri, unapha nkhanga ziwiri m'mwamba, unameta mbusa wa mishoni mbali imodzi ya ndevu, unafika pa ine ukufuka utsi, ine n'kuuimitsa ndi chala chimodzi chomwechi, ndipo unali wotentha kotero kuti ndinayatsira kaliwo wanga, amayi atatu n'kupalanso moto pomwepo kukaphikira kwawo. Amene anadya nkhangazo ena akadali moyo. Kafunseni.

Koma zonsezo n'zazing'ono. Chaka china, mwezi uja dzuwa limawotcha mpaka nsomba kupempha mthunzi, kunachokera mtambo wakuda bii kumapiri, kunagwa matalala aakulu ngati maungu kuyambira m'mawa mpaka tambala anasokonezeka n'kulira masana, ndipo titatuluka tinapeza dambo lonse la ku Chiromo lauma, layera mbee, losalala ngati mbale ya mzungu, mvuu zitagwidwa momwemo mitu yokha ili kunja, kukamwa kuli yasa. Bwana Chisanu analira misozi ngati wamva mawu a mayi ake. Anatulutsa nsapato zake zamipeni zija, ife anatimangirira zikwanje kumapazi ndi luzi, anatumiza uthenga kwa anyamata a panjanji kuti abwere tilimbane, ndipo poti mitengo sikanazikika pamwala wamadziwo, golo langa linali pakati pa mvuu ziwiri, ina kumanja ina kumanzere, zikundipumira m'makutu. Mapazi anga anamatirira pansi osasunthika, iwo anamenya, anamenya, anasinthana kumenya mpaka ndodo zinatha kuthyoka, ine ndikutchinga ndi mphumi, ndi bondo, ndi khutu, wina ndinaubweza ndi kuyetsemula kokha, ndipo dzuwa litabwerera madziwo anasungunuka nthawi imodzi, tonse phava m'dambo, ine ndinamira mpira ndili nawo kumano, ng'ona inabwera kudzaulanda, tinakokana pansi pamadzi mpaka ku Makhanga, koma ngakhale ng'onayo sinagoletse. Mukumva? Ndikulumbira pali manda a mkazi wanga.

Mbiri inatsika ndi mtsinje. A panjanji a kuno ku Nsanje anabwera kudzandipempha, atanyamula nsalu zokwana kufunditsa phiri lathu lija la Malawi, Bwana anati ayi. Anabweranso ndi mchere wodzaza miadiya makumi awiri, mabwato aja aakulu a ku Zambezi, Bwana anati ayi. Kenako kaputeni wa sitima ya pamadzi anaima pakhonde n'kunena kuti tengani sitima yonse, ndi mluzu wake, ndi khukhi wake, mundipatse munthu uyu ndikamuonetse kunyanja yamchere. Bwana Chisanu anangoti, “Zuze sagulitsidwa.” Anandipatsa nyumba pamalo a kampani, ya chitseko chamatabwa, kumbuyo kuli kamunda.

Tsiku limenelo ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati ndine mwini Shire. Mkazi wanga Malita anali kusinja mapira, ndinamuuza zonse, za nsalu, za mchere, za sitima, iye osaleka kusinja.

“Mwakondwa kuti akutchulani mtengo?” anatero. “Ndiye mwasanduka katundu, bambo. Nsomba ya m'mawa ndi ya madzulo sizigulidwa mofanana.”

Ndinamukalipira kuti akazi sadziwa za mpira. Ndinadya ndekha tsiku limenelo.

Kenako inadza nkhondo ya Ajeremani. Anatitenga ife a misana yolimba kukasenza katundu wa asilikali, tinayenda mpaka kumene mayina a midzi sindinathe kuwatchula, anzanga anagwa m'njira tinawasiya osawakwirira, ndipo pamenepa sindiwonjeza kanthu chifukwa ena mwa inu munaliko. Ndinabwerera bondo lamanzere likulira ngati chitseko chakale. Ndinapeza Bwana Chisanu anapita kunkhondo komweko osabwerera. Sipanapite nthawi, chimfine chija chinatha anthu chinalowa m'nyumba mwanga, chinandisiya ine, chinatenga Malita. Ana tinalibe. Ndinamuika pamanda a kuseri kwa doko, ndipo m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkadzera pomwepo kuzulapo udzu.

Pakampani panabwera mzungu wina wachinyamata, tinkamutcha Bwana Fulumira. Mpira wa ndodo ankaukonda, koma za dambo louma sanazione, za ng'ona sanazimve, iye anangopeza nkhalamba yotsimphina itaima pakati pa mitengo iwiri. Ndipo maso anga anali atayamba kuchita nkhungu. Ndinabisa. Ndinkamvera mpira ndi makutu, ndikamva ndodo yalira ndinkadziwa kumene ukubwera, ndipo chaka chathunthu ndinatchinga choncho, wakhungu theka, popanda wodziwa. Koma tsiku lina kakalaliki kena kofooka, koti ngakhale nkhuku sikangaiphe, kanaphonya kumenya, ndodo inangokhudza mpira pang'ono osalira, mpirawo unagubuduka pang'onopang'ono ngati kamba, ine ndili tcheru kuyembekezera phokoso, n'kudutsa pakati pa miyendo yanga. Sindinauone. Ndinadziwira kukhala chete kwa anthu. Bwalo lonse linati zii, mpaka kumva madzi a Ruo akulowa m'Shire. Kenako munthu mmodzi anaseka.

Abale anga, ng'ona ndinalimbana nayo, koma kuseka kuja kunandigwetsa. Sabata yotsatira inadutsa mipira itatu. Inayo isanu. Anthu omwe aja ankandinyamula pamapewa anayamba kufuula kuti chitseko chadyedwa ndi chiswe. Ndinayesa mankhwala a m'maso, ndinayesa kumanga bondo ndi chikopa cha ng'azi, ndinkafika pabwalo anthu asanabwere kudzaloweza pamene pali mabampu, koma ukalamba si mpira woti n'kuutchinga.

Kapitawo wathu nthawi imeneyo anali Tomasi, mnzanga amene tinasenza naye katundu kunkhondo, amene ndinamubereka kumsana masiku anayi atadwala kamwazi. Ndiye amene Bwana Fulumira anamutuma kuti aitane a panjanji a ku Nsanje, awauze kuti munthu uja munkamufuna kale tsopano alipo, bwerani tisinthane. Anabwera atatu pa sitima ya pamtunda ya Loweruka. Anakhala pakhonde la sitolo pamthunzi, ine anandiimika padzuwa. Wamkulu wawo anatsika, anandiuza kuti ndinjute, bondo linalira onse anamva. Anandikoka chikope ndi chala, anasuzumira m'diso mwanga. Anandizungulira kumbuyo, anandigogoda msana ngati akuyesa bwato ngati lili ndi mng'alu. Mayi anga ankatiuza kuti iwo ali mtsikana, chaka cha njala yaikulu, anawagwiragwira chomwecho asanawagule ndi lichero la mapira, ndipo ndinkayesa kuti zimenezo zinatha ndi nthawi yawo.

Tomasi anati Bwana akufuna ndodo khumi zatsopano. Iwo anaseka. Anati zisanu ndi imodzi. Anasekanso. Anati zinayi, ndipo anayamba kuwakumbutsa za Mgoa, za mvuu, za sitima, koma wamkulu uja anangopukusa mutu.

“Nkhabe, shamwali. Uyo tinkamufunayo ndi wina. Uyu tikamudyetsa chiyani?”

Pamenepo ine amene sindinapemphepo kanthu kwa munthu ndinagwada, ndi bondo loipa lomwelo.

“A Tomasi, kauzeni Bwana andisiye. Ndizisesa pabwalo, ndizitola mipira. Malita ali pano. Ndikachoka adzamuzulira udzu ndani?”

Tomasi sanandiyang'ane kumaso. “Achimwene, ndayesa. Nyumba ija akuifuna. Goloboyi watsopano akubwera Lolemba, ali ndi banja. Awa akakukanani, mugona kunja.”

Tomasi anawatengera alendowo kuseri kwa sitolo, ine ndili chigwadire, sindinamve zimene anakambirana. Atabwerako, nkhani inali itatha. A ku Nsanje anasiya ndodo ziwiri ndi wezulo, ine ndinapita kukakulunga mphasa yanga. Ndinadzera kumanda, ndinazula udzu wonse mpaka wa pamanda oyandikana nawo, ndinamuuza Malita kuti ndibwera msanga. Aka n'kachisanu dzinja likugwa ndisanapondeko. Sitima imadutsa tsiku ndi tsiku ndikuiona, koma ya ulere palibe, ndipo miyendo iyi ku Chiromo singafike.

Ndiye inu mukuti chiyani? Ndodo ziwiri ndi wezulo, kwa munthu wa diso limodzi ndi bondo limodzi! Ndodo zochokera kutsidya kwa nyanja, zopaka vanishi, wezulo wake wolira mpaka ku Ndamera! Ndani mwa inu angasinthidwe ndi ndodo ngakhale imodzi? Iwe wa chipewa, ungagulidwe ndi chiyani? Mukumva? Ine Zuze Chitseko, ngakhale pa mapeto penipeni ndinali ndi mtengo, ndipo amene akutsutsa...

Ayi. Ndalumbira pali manda a Malita, ndisamunamizire.

Pokwera sitima tsiku lija, Tomasi anabwera akukoka mbuzi. Inali yake, tonde wonenepa, yekhayo amene anali naye, amene ankasungira ukwati wa mwana wake wamkazi. Anapereka chingwe kwa wamkulu uja, ine anangondigwira dzanja. Ine ndinayesa ndi mphatso yotsanzikira alendo. M'sitima mbuziyo anaiika pamthunzi pakati pawo, akuisisita, akuipatsa masamba, ine ndili pakhomo pamene pamalowa utsi. Titafika kuno anaipha tsiku lomwelo, anadya, ine anandipatsa mapazi. M'mawa mwake ndinapita pabwalo lawo, ndinaima pakati pa mitengo iwiri, ndikudikira. Wamkulu uja anabwera, anandigwira paphewa mwaulemu ndithu, anandisuntha, n'kundipatsa chitini cha phulusa kuti ndizithira mizere. Mpaka lero ndi ntchito yanga. Pagolo la ku Nsanje sindinaimepo ngakhale tsiku limodzi.

Ndinamufunsa kuti nanga munandisinthiranji ndi ndodo zanu. Anadabwa kuti sindikudziwa.

“Ndodo zija zinali za mbuzi, madala,” anatero. “Inu munali basera.”