Katemera wa Cholembera

Mukadzamva azimayi a ku sikelo kwathu kuno akundiitana kuti "adokotala", musaganize kuti ndi ulemu. Ine ndimagulitsa manachesi pamsewu wa kumalire basi. Dzinali linabwera ndi manyazi, ndipo bola ndifotokoze ndekha, chifukwa aneba anga, amake Fatsani, akamafotokoza amathira mchere wambiri.

Mwana wanga Tadala anabadwa kolona ali pachimake. Katemera woyamba analandira bwinobwino. Kenako pamsika panayamba mphekesera zoti ku sikelo akusakaniza katemera wa ana ndi wa kolona, ndipo mwana akabayidwa sadzabereka. Ine, munthu woti ndinafika Fomu 4, ndinakhulupirira (musaseke, inunso munkamwa mandimu ndi jinja mpaka mano kuyayamira). Buku la mwana ndinaliponya pansi pa sutikesi, sikelo n'kuitsanzika.

Vuto linali bambo a Tadala. Amayendetsa thilaki yopita ku Beira, ndipo mlongo wawo anamwalira ndi chikuku ali wamng'ono, iwo akuona. Za katemera sachita nazo masewera. Akangofika pakhomo, nsapato asanavule n'komwe: "Amake Tadala, buku lija lili kuti?"

Ndiye ndikanatani? Ndinkabwereka buku la Fatsani, wobadwa mwezi umodzi ndi wanga, ati ndione tsiku la sikelo, n'kukopera zonse m'buku la Tadala. Masiku, mayina a katemera, ngakhale siginecha ya a Mbewe, alangizi a zaumoyo a kwathu. Patsamba la kulemera kwa mwana ndinkaika timadontho tokwera bwino kwambiri. Bambo a Tadala ankatsegula, kugwedeza mutu, n'kuti, "Ine ndiye ndinakwatira mkazi." Ine n'kumamwetulira. Mulungu andikhululukire.

Kolona anazilala, mphekesera zinatha, ana obayidwa aja akungothamanga ali gwa. Koma ku sikelo ndikanabwerera bwanji ndi buku lodzaza kale? Ndinkangoti mwezi wamawa, mwezi wamawa, mpaka Tadala anakwanitsa zaka ziwiri.

Ndiye tsiku lina amake Fatsani akuti, "Mwamva? Kutsidya kwa mtsinje ana agonekedwa ndi chikuku." Ndinamuyang'ana Tadala akusewera m'fumbi. Mwana ameneyu katemera wa chikuku anali naye papepala pokha. Mwamwayi a Mbewe analengeza kuti Lachitatu, pa sikelo ya pansi pa mtengo wa mango, adzabaya ana onse amene anatsalira nthawi ya kolona.

Nzeru zinabwera msanga (zanga zimabwera msanga, ndiye vuto lake). Ndisiye buku kunyumba, ndikanene kuti linadyedwa ndi chiswe, mwana abayidwe, nkhani ithe mwakachetechete. Bambo a Tadala anali atafika dzulo lake ali otopa, ndipo ndinawasiya akuliza mkonono.

Pa sikelo a Mbewe anatigawa pawiri: otsalira mbali iyi, omaliza mbali iyo, kungoyeza basi. Ndinaima pamzere wa otsalira. Kutsogolo kwanga kutatsala anthu awiri, bodza la chiswe lili kale palilime, ndinamva belu la kabaza. Kucheuka, ndi bambo a Tadala, akugwedeza buku m'mwamba ngati apambana chisankho.

"Amake Tadala! Mwaiwala buku!"

Abale inu! Munthu woti makiyi a thilaki yake yomwe amafunsa ine, lero akumbukire buku? Mpaka kufukula sutikesi yanga? Mpaka kukwera kabaza?

Tsono kwathu mwamuna akabwera ku sikelo amasanduka bwana. Amamuombera m'manja, mwana wake n'kuyamba kuonedwa. Nthungululu zinalira. A Mbewe analandira buku lija, kutsegula tsamba ili, kutsegula linalo, kenako n'kulikweza.

"Azimayi, taonani kuno! Mulibe mpata ngakhale umodzi. Nthawi ija tonse tinkavala timasiki, nkhope sindikuikumbuka, koma dzanja langa ndikulidziwa. Enanu mukubisala m'nyumba, mayi awa sanaphonye. Mayi, mukutani pamzere wa otsalira? Bwerani kutsogolo muuze anzanu chinsinsi."

Ndinapita kutsogolo. "Kungolimba mtima basi," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwanapiye.

Anayambitsa nyimbo. Nyimbo, anthuni, yoimbira ine! Mayi wina anandiuza kuti akufuna atakhala ngati ine. Bambo a Tadala mano onse ali pamtunda, akugwirana chanza ndi a Mbewe. Mwana anamukoleka pa sikelo, kulemba kulemera kwake, buku n'kundibwezera.

"Mwamaliza, mayi. Muyende bwino."

Ndinabereka mwana, tinayamba kuyenda. Ulemu wanga unali wathunthu, mwamuna wosangalala, palibe wodziwa kanthu. Koma titangodutsa mtengo uja, mwana wina pamzere anatsokomola, ndipo ndinamva kamutu ka Tadala katatsamira pamsana panga. Paja amati manyazi anapha lambe. Ndinatembenuka.

"A Mbewe, mwanayu mumubaye."

"Uyu anamaliza, mayi."

"Sanamalize. Zonsezo ndinalemba ndine."

A Mbewe anatsegula kaundula wawo wamkulu, chala chikutsika tsamba ndi tsamba. Dzina la Tadala linaoneka koyambirira kokha. Anayang'ananso buku lija nthawi yaitali.

"Mayi, siginecha yangayi mumailemba bwino kuposa ine mwiniwake. Koma chikuku sichiwerenga buku."

"Eee! Ndiye buku langa lija munkabwerekera zimenezi?" anakuwa amake Fatsani, manja ali m'chiuno. Kumbuyo wina anati, "Apatseni mpando adokotala!" Chiseko chinaphulika, ndipo amene anaseka kwambiri ndi mayi uja ankafuna atakhala ngati ine.

Bambo a Tadala sanaseke, sanakalipenso. Bola akanakalipa. Anamasula mwana kumsana kwanga, n'kukhala naye pabenchi. Tadala analandira jakisoni pantchafu zonse ziwiri, wina pamkono, madontho m'kamwa, zonse tsiku limodzi chifukwa cha cholembera changa. Ankalira akuyang'ana ine. A Mbewe anatipatsa buku latsopano, n'kutiuza kuti tibwerenso pakatha milungu inayi.

Pobwerera bambo ake anali patsogolo, mwana ali paphewa, ine pambuyo. Titafika pakhomo ndi pamene anayankhula, mwapansipansi.

"Amake Tadala, mukanandiuza ndikanakalipa tsiku limodzi basi. Koma uyu akanadwala, tikanathamangira kuchipatala ndi buku lanu lija, anthu n'kumafunafuna matenda ena, nthawi ikutha."

Chikuku chinadutsa m'dera lathu osamukhudza mwana wanga, ndipo katemera anamaliza yense, weniweni, wa singano. Koma sabata yonse yotsatira Lachitatu lija, ndikatenga chitenje kuti ndimubereke, ankathawira kumiyendo ya bambo ake n'kumati, "Ayi, adadi." Zinandipweteka kwambiri. Koma kunena zoona, pamenepo mwanayo sanalakwe.