Lendi ya Tsiku ndi Tsiku ya a Kagogoda

A Kagogoda sankatolera lendi pakutha pa mwezi monga achitira eninyumba anzeru zawo. Iwo ankatolera m'mawa uliwonse, khomo ndi khomo, ngati wogulitsa makala. Dzinalo lidachokera pamenepo.

Bizinesiyi adaiyamba atapuma pa ntchito ya ukalaliki, mayi akunyumba atangomwalira kumene. Penshoni yonse adamangira zipinda zisanu kuseri kwa nyumba yawo. Pakhoma la bafa adalemba ndi choko mawu awiri: ZOLOWA, ZOTULUKA. Pansi pa ZOTULUKA padalibe kanthu, pakuti mkuluyu ankakhulupirira kuti malata sadontha, mpopi suthyoka, ndipo walendi sasamuka.

Woyamba kulowa adali a Hedi, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, wokhala yekha, munthu wosaiwala cholakwa. Awiriwa adakangana tsiku loyamba lomwelo, ndipo sadaleke kwa zaka khumi ndi chimodzi.

"Odi, a Hedi! Zalero."

"Inu achimwene, mwezi uli ndi mapeto ake. Bwanji osadikira?"

"Ndalama iziyenda, aphunzitsi. Ikagona m'thumba mwanu imadwala."

"Nanga zenera langa lija? Chaka chachitatu chino silitsekeka."

"Mpweya wabwino umenewo. Ena amalipira."

Akatero ankakhala pampando osauzidwa, n'kumwa tiyi wa a Hedi makapu awiri, shuga masupuni anayi anayi. Tsiku lina a Hedi adatenga choko n'kudzaza okha mbali ya ZOTULUKA: simenti, misomali, pulambala, msonkho, miyezi imene zipinda zidakhala zopanda munthu, ndi nsapato zinayi zotheratu ndi kugogoda.

"Onani apa. Nyumbazi simukuzidyera, zikukudyani ndi izo."

A Kagogoda adayang'ana nthawi yaitali. "Khomali mwalidetsa," adatero. "Mawa muwonjezere ya penti."

Telala wa m'chipinda chachisanu atathawa, atanyamula ndi chitseko chomwe, chipindacho chidakhala chopanda munthu miyezi itatu. A Kagogoda sadapirire kuona mpata pa ZOLOWA. Adagula chitseko china, n'kusamukiramo okha. M'mawa uliwonse ankatuluka, kutseka, kugogoda, kenako n'kuchotsa ndalama m'thumba lakumanzere kuika lakumanja.

"Walendi ameneyu yekha ndiye waulemu," ankatero mokweza, kuti a Hedi amve.

Nyumba yawo yaikuluyo idangokhala yokhoma. A Hedi adawauza kuti aikemo munthu, ingabweretse ndalama zoposa zipinda zonse zisanu pamodzi. A Kagogoda adangoti, "Muli madiresi a mayi," ndipo tsiku limenelo tiyi sadamalize.

A Kagogoda adamwalira Lachiwiri, atatolera zitseko zitatu. A Hedi adali khomo lachinayi. Ndalama zidali kale patebulo, madzi ali pamoto.

Mwana wa a Kagogoda, amene sadapondepo pakhomopo bambo ake ali moyo, adabwera ndi laputopu. Masamu ake adali olondola, ndipo ndicho chidawawawa a Hedi koposa. Adafufuta khoma, adaika walendi m'nyumba yaikulu, adakonza ndi zenera lomwe osapemphedwa. Lendi tsopano ndi ya pafoni, kamodzi pamwezi, kudzera ku kampani yoyang'anira nyumba. Ana ophunzira amasiku ano! Amadziwa phindu la chipinda mpaka kakobiri komaliza, koma dzina la wokhalamo alibe nalo ntchito.

Pabwalopo pali zii. Alendi amadutsana ngati anthu a pa depoti. Sabata imatha a Hedi osatsegula pakamwa, kupatula poyasamula.

Ndiye adaganiza zoleka kulipira, kuti mwina wina abwere adzakalipe. Mwezi udatha. Wachiwiri udatha. Kudangobwera uthenga wa pafoni, waulemu kwambiri, wokhala ndi nambala yoimbira. A Hedi adavala jekete, adakhala bwino pampando, mawu onse atawakonza, n'kuimba. Adayankha mayi wa mawu ojambulidwa, n'kuwauza kuti adine wani. A Hedi adamukalipira mphindi zisanu zathunthu, za zenera, za choko, za madiresi a mayi aja amene adatayidwa m'matumba. Mayiyo adawathokoza chifukwa choimba, foni n'kuduka.

A Hedi adakonza jekete lawo. Kenako adaimbanso.