Misozi Yanga ya ku Zengeza

Kwathu ku Unit D, kufupi ndi Harare, anthu amanditamabe kuti ndinapulumutsa banja la mwana wa mlongo wanga ndi misozi. Lero ndiulule, popeza ndakalamba: misoziyo sinachokere mumtima.

Masiku amenewo, m'ma 1980, ndinkagulitsa zovala zakaunjika. Yohane, mwana wa mlongo wanga, anachitira mwano mkazi wake Rudo, ndipo mkaziyo anabwerera kwawo ku Zengeza 1, khanda kumsana. Monga malume komanso nkhoswe, wokapepesa ndinali ine. (Anati munthu wogulitsa majekete mu Okutobala sangasowe mawu.)

Ine ndili ndi chilungulira chakalekale. Anamwino anandiletsa khofi, makamaka m'mimba mukakhala mulibe kanthu. Tsikulo ndinanyamuka osadya.

Nditalowa ndinaomba m'manja n'kunjuta pansi. Bambo ake a Rudo anandiyang'ana ndi diso lofiira. Mayi ake, amene ankagwira ntchito m'nyumba ya azungu ku Harare, anabweretsa khofi wakuda bii m'makapu a alendo. Wodzapepesa sakana chapakhomo, ndiye ndinamwa. Kenako chizolowezi cha pamsika chinandipereka: ukafuna kanthu kwa munthu, umayamba watama katundu wake.

"Mayi, khofi wotereyu sindinamwepo."

"Inwai, sekuru," anatero m'Chishona, kutanthauza kuti imwani malume, akuthiranso.

Pofika kapu yachitatu moto unali utanyamuka m'mimba, ndipo kunjuta kuja kunkaufinyira kukhosi.

"Nenani chimene mwadzera," anatero bambowo. "Tinamva kuti ndinu akathyali."

Nditatsegula pakamwa, madzi owawasa anafika, ndinameza. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Mawu onse amene ndinakonza m'basi anapsera pachifuwa. Ndinangogwira pamtima, mutu pansi, misozi ili chuchuchu.

Bambowo anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndimadikira bodza lokoma," anatero. "Koma munthu wamkulu kulira pakhomo panga? Rudo, longedza."

Potuluka, mayi aja anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundipatsa madzi osungunuliramo soda wophikira therere.

"Malemu bambo anga chilungulira chinkawagwira choncho," ananong'ona. "Ndinaiona nkhope yanu pa kapu yoyamba. Mukanayankhula, amuna anga akanakuthamangitsani, pomwe mwana wanga amafuna kubwerera."

Ndinamwa sodayo. Ine amene sindinapusitsidwepo pamsika, ndinagonja kwa mayi wonyamula ketulo.

Yohane ndi Rudo ali ndi zidzukulu tsopano. Ine khofi ndinasiya, kupatula tsiku limene andituma kukapepesa.