Nkhondo ya Bwato ndi Madzi Osamba pa Chigwa cha Nullarbor

Tcherani khutu, inu mibadwo yamawa, pakuti m'chaka chimene dizilo anakwera mtengo mpaka amuna a ndevu zawo ankalira pa pampu, m'mwezi wa Okutobala pamene mphepo ya kumadzulo imalamulira chigwa cha Nullarbor, kunabuka nkhondo imene oyendetsa mathiraki akuisimbabe mpaka lero.

Ngwazi yathu inali Clarrie Fenwick, Mkokanyumba, Nkhono ya Pamsewu, wopuma ntchito ya positi, amene analumbira kuti adzazungulira Australia yense akukoka kalavani yake, nyumba ya matayala. Pambali pake pankakhala mkazi wake Noelene, Mphenzi ya ku Dubbo, amene pa zaka makumi anayi za banja sanagonjepo pa mkangano. Ndipo padenga la galimoto, chomangidwa ndi zingwe zinayi, pankagona chuma cha mtima wa Clarrie: bwato lachitsulo limene anamusiyira malemu mkulu wake.

Tsono pa pampu yomaliza asanalowe m'chigwacho, Mkokanyumba ataona mtengo, kuuma manja kunamugwira ndipo anangothira mafuta theka la thanki, nati akwana. Mphepo inamva mwano umenewu. Inawawomba kumaso m'mawa wonse, singano ya mafuta inkangotsika anthu akuona, pamene pampu ina inali makilomita zana ndi makumi awiri kutsogolo.

Ngwaziyo inalimbana mwachamuna. Inapopa matayala onse asanu ndi atatu, inachepetsa liwiro, inazimitsa choziziritsa mpweya n'kutsekanso mawindo, mpaka awiriwo anayamba kupsa ngati mbatata m'phulusa. Singano sinamve chisoni. Pamapeto pake Clarrie anaima pambali pa msewu, nakwera pa chitsulo chokokera kalavani kuti mawu ake amveke patali.

"Make Sharon! Tikukoka madzi malita mazana awiri, kulemera kwake ngati anthu atatu okwera ulere. Akumwa tili nawo m'zigubu. Osambawo nditsegula mpopi, apite!"

"Mwati bwanji?" anatero Noelene, manja ali m'chiuno. "Masiku atatu osasamba, fumbi mpaka m'makutu, lero mukasambitse mchenga? Chikumwa mafuta ndi chichipewa chanu chili padengachi, chikukola mphepo yonse ya m'dziko muno. Zaka zisanu ndi zinayi mukulizunguza bwatoli, linalawapo madzi liti? Ngakhale kansomba kamodzi, abambo inu!"

Mkondo umenewu unalasa pachilonda. Clarrie ankadziwa kuti mkazi wake akunena zoona. Iye ndi mkulu wake anapangana kuti akadzapuma ntchito adzapita limodzi kukawedza, koma mkuluyo sanadikire, ndipo kuyambira pamenepo Clarrie analibe mtima wolikwera yekha, ngakhale wolisiya.

Magulu a nkhondo anaima moyang'anizana maola awiri athunthu. Mphenzi inakhala pakhomo la kalavani ikulondera mpopi ndi chiwaya m'manja. Nkhono inkazungulira galimoto ikung'ung'udza. Amene anapindula ndi ntchentche zokha.

Dzuwa litapendeka, Mkokanyumba anagonja. Anamasula zingwe imodziimodzi, natsetsereza bwatolo pansi, naima pamenepo akulisisita m'mphepete. Noelene anaona mapewa a mwamuna wake atagwa, ndipo kupambanako kunamuwawira m'kamwa.

"Litembenuzeni," anatero. "Likokereni pa mpopi apa."

"Kuti litani?"

"Inu kokani, mafunso mudzafunsa m'manda."

Choncho mpopi unatsegulidwa, ndipo madzi onse aja anakhuthukira m'bwato. Noelene anatuluka atavala zosambira zamaluwamaluwa ndi chipewa chachikulu, nalowamo mwaulemu wa mfumukazi, pakati pa chigwa chopanda mtengo ngakhale umodzi wobisalapo. Woyendetsa thiraki wina anaimba hutala mpaka anazimiririka kutali.

"Lowani nanunso, mukununkha ngati tonde."

Clarrie anavula nsapato nalowa. Anakhala kumbuyo, pamalo a woongolera, madzi akumulekeza m'chiuno, ndipo mosazindikira dzanja lake linagwira nkhafi. Anaseka mpaka misozi, ndipo mkazi wake sanafunse ngati yonse inali ya chimwemwe.

Kutacha mphepo inali itagona. Clarrie anataya madzi aja, natsanzikana nalo bwato ndi maso, nayamba kulowera ku galimoto.

"Mukulisiyira ndani?" anakuwa Noelene. "Bafa langa litsale kuthengo? Kwezani msanga mphepo isanadzuke!"

Anayenda pang'onopang'ono ngati akuperekeza maliro, mathiraki khumi ndi awiri atandanda kumbuyo kwawo, onse akuimba mahutala, ndipo ngwaziyo inkawabayibitsa pawindo poyesa kuti akuitamanda. Injini inatsokomola kawiri n'kuzima pamphuno penipeni pa pampu.

Pamenepo, pamaso pa mayi wogulitsa mafuta amene anaumirizidwa kukhala mboni, pangano la mtendere linasindikizidwa ndi chitumbuwa cha nyama chodulidwa pakati. Ndime yoyamba inati Clarrie azidzaza thanki mpaka pakhosi masiku onse a moyo wake. Yachiwiri anainena Noelene, akupukuta msuzi pachibwano cha mwamuna wake.

"Tikafika ku Esperance, bwatoli likalowe m'nyanja yeniyeni. Kutsogolo ndikakhala ine. Sindine mkulu wanu, nyambo sindigwira, koma simukakwera nokha."